Zakudya, mabaraka ndi masewera ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma

Maboma a Cuamba, Mandimba ndi Ngauma ali kum'mwera kwa chigawo cha Niassa, ndipo onse atatu amawalumikiza ndi msewu wa N13 wochokera ku Nampula kupita ku Lichinga. Tauni ya Mandimba ili pafupifupi pakati pa Cuamba ndi Lichinga, moyang'anizana ndi chipata cha Chiponde m'boma la Mangochi ku Malawi. Anthu a kuno amalankhula Chiyao, Chimakua, Chinyanja ndi Chipwitikizi, ndipo mphika wawo ndi wosakanizika chimodzimodzi. Ichi n'chifukwa chake mwana wa m'derali akakhala ku Nampula, ku Maputo kapena ku Johannesburg amadandaula kuti nsima akuipeza, koma ndiwo zakwawo sakuzipeza.

Chakudya cha pakhomo

Nsima ya chimanga, imene pa Chipwitikizi amalemba kuti xima, ndiyo chakudya chachikulu. Cha ku Cuamba, kumene Amakua ndi ambiri, mabanja amaphikanso nsima ya ufa wa chinangwa yotchedwa karakata, yofanana ndi kondowole wa ku Malawi. Ndi yonanda, imakhalitsa m'mimba, ndipo imayenda bwino ndi nsomba zouma. Chinangwa chowawa chimafuna kuviika m'madzi masiku angapo ndi kuyanika bwino chisanasinjidwe, popeza chili ndi poizoni amene amatha kupuwalitsa miyendo.

Masamba a chinangwacho, chigwada, amawasinja mu mtondo n'kuwaphika nthawi yaitali ndi nsinjiro. M'mabaraka ndiwo zomwezi amazitcha matapa. Kugombe la nyanja yamchere amathiramo kokonati ndi nkhanu. Kuno mtedza wokha umakwana. Palinso nkhwani, khwanya, bonongwe ndi therere, ndipo amayi amafutsa masamba ena n'kuyanika kuti mfutso udzathandize m'chilimwe.

Niassa amadziwika m'dziko lonse chifukwa cha nyemba. Apa mlendo wochokera ku Malawi amasokonezeka: chimene pamsika amachitcha feijão nhemba si nyemba ayi, ndi khobwe. Nyemba zenizeni zotchuka ndi feijão manteiga, pamene nandolo ndi feijão boer.

Nsomba zambiri zimachokera ku nyanja za Amaramba ndi Chiuta, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, ndiponso ku Chilwa: matemba, makumba ndi milamba yowamba. Usipa umabwera kuchokera ku nyanja ya Niassa, wina kudzera pa Chiponde. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama ndipo imaphwa mvula ikavuta, monga zinachitikira mu 1995. Zikatero matemba amasowa m'misika.

Kadyedwe ka kuno kali ndi mbiri ya nkhondo. Isanathe nkhondo yapachiweniweni pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri a m'malire muno anakhala zaka m'midzi ya achibale awo kutsidya. Ana amene anakulira kumeneko ndi makolo lero, ndipo mandasi, zitumbuwa ndi thobwa kwa iwo ndi zakwawo monga momwe ilili pão.

Misika ndi mabaraka

Baraka ndi kanyumba ka malata, njerwa kapena nsungwi komwe amagulitsa chakudya ndi zakumwa. Ambiri ali pafupi ndi msika, pokwerera ma chapa, ndipo ku Cuamba pafupi ndi siteshoni ya sitima. Tauni imeneyi, imene Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, ndi pamphambano ya njanji: ina imapita ku Nampula ndi Nacala, ina ku Malawi kudzera ku Entre Lagos, ina ku Lichinga, ndipo yomalizayi anaitsegulanso mu 2016. Sitima ikaima, amalonda amathamangira pamawindo ndi nthochi, chinangwa chophika ndi nkhuku yootcha.

M'mawa chotchipa ndi tiyi ndi pão yoikamo bajiya, timitanda tokazinga ta khobwe wopera. Masana ndi nsima kapena mpunga ndi nyemba, mbuzi kapena nkhuku yootcha pamakala yopaka piripiri ndi ndimu. Nkhuku yachikuda imakwera mtengo kuposa yoweta m'khola, ndipo odziwa amafunsa kaye asanaitanitse. Madzulo achinyamata amaunjikana pa chiwaya cha chipisi ndi kanyenya. Ku Mandimba amalonda ambiri amawerengera m'metikali ndi m'makwacha momwe, ndipo oyendetsa njinga zonyamula anthu pakati pa zipata ziwirizi ndi ena mwa makasitomala okhazikika.

Ku Ngauma ndi Mandimba Ayao ambiri ndi Asilamu, choncho nyama ya nkhumba siioneka pamsika ngati m'madera ena, ndipo wogula amafuna kudziwa amene wazinga mbuzi. M'mwezi wa Ramadani mabaraka ena amakhala zii masana, koma dzuwa likalowa m'makomo mumanunkhira futali, mbatata kapena chinangwa chophika ndi nsinjiro. Ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, kuli mishoni ya Akatolika imene ansembe a Consolata anaiyambitsa mu 1928, ndipo Akhristu ndi Asilamu amagula pamsika umodzi.

Mitengo ya m'baraka imatsata nkhokwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chakudya chimakhala chambiri, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene ogula amafika ndi masikelo kudzatenga chimanga, nyemba, soya, nandolo ndi chitowe. Alimi a fodya ndi thonje amakhalanso ndi ndalama m'manja. Banja limene lagulitsa mopitirira limadzagula chimanga chomwecho pamtengo wokwera mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo pamenepo mbale ya m'baraka imachepa, ndiwo n'kukhala bowa, ngumbi ndi masamba. Miyezi yamvula yomweyo ndi imene kolera imabuka. Baraka labwino limadziwika ndi madzi osamba m'manja othira kuchokera m'jagi, osati beseni limodzi la onse.

Masewera a panja

Bawo ndiye masewera a akuluakulu. Thabwa lake lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo amasewera ndi njere 64. Amalipeza pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde la telala, ndipo oonerera amalankhula kuposa osewera. Popanda thabwa, maenje amakumba pansi.

Mpira wamiyendo umayamba kukoma anthu akakolola, mabwalo atauma, ndipo matimu a midzi ya mbali zonse ziwiri za malire amayenderana. Ana aang'ono amamanga mpira wa mapepala apulasitiki, atsikana amasewera fulaye ndi phada, ndipo anyamata amapinda mawaya kupanga magalimoto. M'nyengo yomweyo ya chilimwe kumamveka ng'oma za unyago, pamene anamwali a jando ndi nsondo akutuluka, ndipo mabanja awo amaphika mpunga ndi nkhuku zodyetsa mudzi wonse.