Nkhuku za ku Kauai zilibe mwini, nanga zathu bwanji?

Pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, nkhuku zimangoyendayenda m'misewu ndi m'mphepete mwa nyanja popanda mwini wake. Zimaikira patchire, kufungatira ndi kulera anapiye pazokha. Nanga bwanji nkhuku zathu kuno ku Palabana, zomwe nazonso zimapalasa zokha tsiku lonse, madzulo zimabwerera pakhomo?

Kholo la nkhuku zonse ndi mbalame yakutchire ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Ku Ban Non Wat, m'dziko la Thailand, kunapezeka mafupa a nkhuku zoweta a zaka zoposa 3,000 zapitazo. Anthu a ku Polynesia anatenga mbalamezi m'mabwato popita ku Hawaii kalekale, ndipo zina zinalowa m'nkhalango. Patapita nthawi azungu anabweretsa nkhuku zawo zam'khola.

Mu 1982 mphepo yamkuntho yotchedwa Iwa inawomba Kauai, kenako mu 1992 inabwera ina yoopsa kwambiri, Iniki. Makola anasasuka, nkhuku n'kubalalika. Kafukufuku wa mu 2015 anasonyeza kuti nkhuku za pachilumbachi lero zili ndi magazi osakanikirana, a zoweta ndi a zam'nkhalango zija.

Chomwe chinazichulukitsa n'chakuti adani ndi ochepa. Mu 1883 eni minda ya nzimbe anabweretsa ku Hawaii kanyama ka mtundu wa likongwe kuti kazipha makoswe. Kanyamaka kamadya mazira ndi anapiye, koma pa Kauai sikanakhazikike ngati pa zilumba zina. Kulibenso njoka zodya mazira. Kumafunda chaka chonse, mvula ndi yambiri, tizilombo ndi zipatso sizisowa, ndipo alendo amaziponyera chakudya.

Kuno ku Chongwe zinthu n'zosiyana. Mphamba amadikira kumwamba, likongwe ndi njoka pansi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe, chopalasa chimachepa. Ndiye pali chitopa, matenda amene amatha kupululutsa nkhuku za mudzi wonse m'masiku ochepa. Nkhuku yothawira kutchire kuno siikhalitsa. Thadzi lathu linasunga nzeru za makolo ake, monga kubisa mazira, kufungatira masiku 21 ndi kuchenjeza anapiye, koma limafunabe munthu.

Palabana amadziwika ndi sukulu ya ng'ombe zamkaka, koma pamakomo ambiri nkhuku ndi imene imagula sopo ndi makope a ana. Broiler imakula m'masabata 6, koma anapiye ake mumagula ulendo uliwonse, pamodzi ndi chakudya cha m'matumba. Yakumudzi imadzichulukitsa yokha, ndipo ku Lusaka mtengo wake ndi wokwera.

Inu anzanga amene mukuganiza zoyamba kuweta, zomwe chilumba chimapatsa nkhuku za ku Kauai mwaulere, kuno wopereka ndinu. Mangani khola lokwera lotseka usiku, ikani gaga ndi madzi m'chilimwe, ndipo perekani katemera wa chitopa wodonthezera m'diso miyezi inayi iliyonse.