KAMTAMBO KA AKAMWINIATSATANA NDI ANTHU AMENE ANAYAMBA KUKAJAMBULA

M'miyezi ya dzinja, mvula ikakata madzulo, munthu woima m'munsi mwa mapiri a Mphangwe ku Katete amaona nyenyezi zitatu zondondozana, zimene makolo anazicha Akamwiniatsatana. Azungu amacha gulu lonselo Orion. Kumwera kwa zitatuzo kuli kamzere kena ka nyenyezi zazing'ono, ndipo yapakati pake imaoneka yacizimezime ngati utsi. Imeneyo si nyenyezi wamba ai, koma mtambo waukulu wa mpweya woyaka, m'mene nyenyezi zatsopano zirikubadwira. Kuunika kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kufike pansi pano. Ndiko kuti kuwala kumene kugwa pa madenga a ku Sinda ndi ku Vubwi usiku uno kunanyamuka Undi woyamba asanabadwe.

Mfalansa wina, Peiresc, anauona mtambowu ndi magalasi oonera kutali m'caka ca 1610. Kuyambira pamenepo anthu ophunzira anaulemba ndi pensulo zaka zambirimbiri, koma zolemba zao zinasiyana, pakuti diso la munthu limatopa ndiponso limanyenga mwini wake. Mkangano unabuka. Lord Rosse wa ku Ireland anakhulupirira kuti ndi nyenyezi zocuruka zounjikana, koma William Huggins, poyesa kuunika kwake m'caka ca 1865, anapeza kuti ndi mpweya. Cinasowabe ndico mboni yosakondera, yoonetsa maonekedwe eni eni a mtambowo.

Mboniyo inali kamera, ndipo amene anaibweretsa sanali olembedwa nchito ya nyenyezi. Henry Draper anali dotolo wa ku New York. Usiku wa 30 September 1880 analoza magalasi ake kumtamboko, nawatsatitsa nyenyezi monga zinali kuyenda kwa mphindi ngati 50. Cithunzi cinaturuka cosaoneka bwino kweni kweni, komabe cinali coyamba ca mtambo wotere pa dziko lonse. Draper anamwalira mu 1882 ali ndi zaka 45 zokha.

Nchitoyo inapitirira m'manja mwa Andrew Common wa ku Ealing, London, amene anali kudya za mipope ndi ngalande za m'mizinda. Iye anaimika kalirole wa mainchesi 36 kuseri kwa nyumba yake, ndipo mu 1883, atalephera kawiri kawiri, anatenga zithunzi zoonetsa nyenyezi zimene diso silinathe kuona ngakhale ndi magalasi omwewo. Cifukwa cake ndi ici: diso limaona za kamphindi kokha, koma kamera imakundika kuunika pang'ono pang'ono monga madzi a mvula m'mtsuko. Bungwe la Royal Astronomical Society linampatsa mendulo ya golidi mu 1884.

Masiku ano kamera wamba yoikidwa pa miyendo itatu imajambula mtambowu m'kanthawi kocepa, nionetsa kufiira kwa mpweya wa haidrojeni kumene diso silikuona. Koma cinthu cimodzi sicigulidwa m'sitolo, ndico mdima. Ku Lusaka ndi ku migodi ya ku Kitwe magetsi aphimba nyenyezi zambiri, pamene m'midzi ya kwa Kawaza ndi kwa Pembamoyo thambo likali lakuda bii. Cotero wa m'tauni wopita kwao pa Khrisimasi, akaturuka panja mitambo itayera, adzapeza pamwamba pa nkhokwe ya amai ake comwe Draper ndi Common anacicezera usiku ndi usiku.