Nyumba Ziwiri, Filimu Imodzi

Masiku ano mumaonerera filimu pafoni muli khale pamphasa. M'caka ca 1965 sizinali conco. Kukaona filimu yaikuru unali ulendo wokonzekera: tikiti mumagula kukali masabata, mpando wanu unali ndi nambala, ndipo pakati pa filimu panali nthawi yopumula. Umu ndi mmene anthu anaonera koyamba filimu ya nyimbo yochedwa The Sound of Music.

Filimuyi inayamba kuonetsedwa pa 2 Marichi 1965 m'nyumba ya baisikopo ya Rivoli, mumzinda wa New York. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1917, mafilimu asanayambe kulankhula. Mwezi womwewo filimu inafikanso ku London, m'nyumba ya Dominion yomwe inatsegulidwa mu 1929, ndipo inakhala ikuonetsedwa mmenemo zaka zitatu. Ganizirani anthu ambirimbiri ali cete mumdima. Nsaru yakutsogolo ikutseguka, mapiri a ku Austria akuoneka, kenaka mau a Julie Andrews akudzaza nyumba yonse kucokera m'zokuzira mau zambiri. Kwa maola pafupifupi atatu anthu osadziwana anali kuseka pamodzi ndi kupukuta misozi pamodzi.

Nkhani yake inacokera pa zinthu zoona. Maria Kutschera anali kukonzekera usisitere ku Nonnberg, mumzinda wa Salzburg, pamene anatumidwa kukaphunzitsa kwa Georg von Trapp, bambo wofedwa mkazi amene anali ndi ana 7. Awiriwa anakwatirana mu 1927, ndipo patapita zaka banjali linachuka ndi kuimba, motsogozedwa ndi wansembe Franz Wasner. Mu 1938 Hitler analanda Austria. Von Trapp anakana nchito m'gulu la nkhondo la pamadzi la Germany, ndipo banja lonse linasiya nyumba ndi dziko lao. Filimu imaonetsa iwo akuthawa wapansi kudutsa mapiri, koma zoona zake anakwera sitima ya pamtunda kupita ku Italy, kenaka anakakhazikika ku America. Conco muzikumbukira kuti filimu si buku la mbiri, ngakhale kuti kulimba mtima kwa banjali kunali kweniweni.

Nanga nyumba ziwiri zija zinathera kuti? Wailesi ya kanema ndi makaseti a vidiyo zitafala, anthu anayamba kukhalira kunyumba ndipo mipando inatsala yopanda anthu. Rivoli inagwetsedwa mu 1987, pamalo pake pakamangidwa nyumba ya maofesi. Dominion nayonso inatsala pang'ono kugwetsedwa, koma anthu anaimenyera nkhondo, ndipo boma la Britain linali litaiika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa mu 1988. Inapulumuka, nikhala bwalo la masewero a nyimbo.

Koma njala yoonera pamodzi sinathe. Kuyambira mu 1999, baisikopo ya Prince Charles ku London inayamba kuonetsa filimuyi mau a nyimbo atalembedwa pansi pa cithunzi, kuti oonerera onse aziimba nao. Anthu anafika mwaunyinji, ena atavala ngati masisitere. Filimuyo anali nayo kale kunyumba, koma anafuna kumva mau a anzao.

Inu amene mumaimba m'kwaya mukucidziwa cinsinsi cimeneci. Nyimbo yoimba wekha m'cipinda njosiyana ndi yoimba anthu ambiri pansi pa denga limodzi. Filimu itha kukoperedwa kambirimbiri, koma nyumba yakale ikagwa, yagwa. Dominion inakhalapo cifukwa panali oilankhulira. Yang'anani m'tauni mwanu: holo iti yakale imene makolo anu anasonkhanamo ikudontha denga lero, ndipo ndani adzailankhulira?