Chitupa sichinathe chifukwa Mandela watuluka m'ndende

Pamsonkhano wa gulu lathu la maliro ku Germiston, kuno ku South Africa, achimwene ena a ku Limbuli anatiuza motsimikiza kuti dompasi, chitupa chija anthu akuda ankayenda nacho kuno, chinathetsedwa ndi Mandela atangotuluka m'ndende. Anawonjezera kuti maloya ndi anthu odyera pa mavuto a anzawo, palibe chomwe anachitirapo munthu wakuda. Achimwene, pepani, zonse ziwirizi si zoona. Malamulo a chitupa anafafanizidwa mu 1986, P.W. Botha akulamulira, Mandela akadali ku ndende ya Pollsmoor. Iye anatuluka mu 1990. Ndipo mlandu wina womwe unagwedeza chitupacho unachokera mu Germiston momwemu.

Lamulo la 1945 linkati munthu wakuda asakhale m'tauni kupitirira maola 72, pokhapokha akhale m'gulu la ololedwa ndi gawo 10 la lamulolo. Njira imodzi yolowera m'gululi inali kugwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka khumi mosadukiza. Boma litaona kuti anthu akukwanitsa, mu 1968 linabweretsa chinyengo: wochokera kumudzi azilembedwa kontrakiti ya chaka chimodzi basi. Chaka chikatha apite kwawo, akabwera asainenso ina. Ngakhale ukalambire pa makina omwewo, m'mabuku mwawo unkakhala wongoyamba kumene chaka chilichonse.

Mehlolo Tom Rikhoto anagwira ntchito motero pa kampani ina ya ku Germiston zaka zoposa khumi. Atapempha chilolezo chokhazikika m'tauni, akuluakulu oyang'anira anthu akuda m'dera la East Rand anamukana, amvekere kupita kumudzi kuja kunkadula zaka zake. Mlanduwo unatengedwa ndi Legal Resources Centre, ofesi ya maloya osalipiritsa yomwe Arthur Chaskalson, Felicia Kentridge ndi Geoff Budlender anatsegula ku Johannesburg mu 1979. Maloyawa sanapite kukhothi kukanena kuti tsankho ndi loipa, poti oweruza a nthawi imeneyo sakanawamvera. Anangotenga mawu a lamulo la azunguwo n'kufunsa kuti: munthu wapita kutchuthi, bwana akudziwa kuti abwerera, malo ake akumudikira, ndiye ntchito yadukira pati? Mu 1983 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti Rikhoto akunena zoona. Ofesi yomweyo inali itapambana kale mlandu wa Veli Komani mu 1980, womwe unalola mkazi wake kukhala naye ku Gugulethu. Zigamulo ziwirizi zinatsegulira anthu ochuluka khomo lomwe boma linkayesa kuti latseka ndi loko. Kunyanyala ntchito ndi zipolowe za m'makomboni zinachita mbali yake yaikulu, sindikukana, koma lamulolo linafika mu 1986 litafooka kale.

Chodabwitsa n'choti Mandela amene mukumutamandayo naye anali loya. Mu 1952 iye ndi Oliver Tambo anatsegula ofesi yawo ku Chancellor House mu Fox Street ku Johannesburg, moyang'anizana ndi khothi la majisitireti. Amene ankadzaza masitepe a nyumbayo sanali andale ayi, koma anthu ogwidwa opanda chitupa, amayi ofulula mowa, ndi mabanja othamangitsidwa pamalo awo. Nyumbayo ilipobe, mukapita ku tauni kukatumiza katundu mukaione.

Ife a ku Mulanje nkhani ya Rikhoto sitifunika wotimasulira. Ndani sadziwa munthu amene wathyola tiyi kuyambira ali mnyamata, dengu kumsana, koma chaka chilichonse mvula ikayamba amalembedwa ngati watsopano, ikatha n'kuuzidwa kuti abakapuma? Agogo athu ambiri anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique n'kufikira m'thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Ena anapita ku migodi ya kuno pa kontrakiti za Wenela, ndipo iwowa chigamulo cha Rikhoto sichinawakhudze poti anali alendo. Kusiyana kwake n'koti kwathu wantchito akalakwiridwa timati tingozisiya m'manja mwa Mulungu. Amayi a m'maesiteti a tiyi amene anadandaula za nkhanza za akapitawo anachita kuimiridwa ndi maloya a Leigh Day a ku London, ndipo mu 2021 kampani ya Camellia inavomera kulipira, ngakhale sinavomere kuti inalakwa. Mlandu wa pansi pa phiri lathu, kukathera kutsidya kwa nyanja!

Anthu a kuno ndimawadandaula pa zambiri. Zidzukulu za amene ankaimitsidwa pamsewu kufunsidwa dompasi ndi zomwe lero zikutiimitsa pakhomo la kiliniki kufuna mapepala, osachita nazo manyazi. Koma chimodzi ndimawasirira: sachita mantha ndi khothi. Ndipo khothilo lamverapo alendo. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, anthu ochokera ku Mozambique okhala ndi chilolezo chokhazikika anapambana ufulu wolandira ndalama za boma zothandizira okalamba ndi ana, chifukwa malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense, osati nzika zokha. Wotsogolera khothi lomwe linagamula anali Chaskalson yemwe uja.

Musandimve molakwa. Chigamulo cha Khosa n'cha okhala ndi chilolezo chokhazikika, sichikonza pasipoti yomwe masiku ake anatha. Komabe bwana akakumanani malipiro, kapena m'bale akasungidwa ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, nthawi yaitali osaonekera kukhothi, pitani kwa a Lawyers for Human Rights mukafotokoze, m'malo mosonkherana ndalama zopatsa munthu wa pakona amene akuti amadziwana ndi a Home Affairs.