Matenda a yaws ndi tizilombo tosamva azithromycin

Yaws ndi matenda a zilonda zapakhungu amene amagwira makamaka ana osakwana zaka 15 m'midzi ya kumadera otentha ndi achinyontho, monga ku Papua New Guinea, Solomon Islands, Indonesia, Ghana ndi Cameroon. Amayamba ndi kachotupa, kawirikawiri pamwendo, kamene kamasanduka chilonda; akalekereredwa amawononga mafupa ndi mphuno. Kachilombo kake, Treponema pallidum pertenue, n'kapachibale ndi ka chindoko, koma yaws safala pogonana. Mwana amatenga matendawa khungu lake lokalika likakhudza chilonda cha mnzake posewera.

Kuyambira 1952 mpaka 1964, mabungwe a WHO ndi UNICEF anabaya jakisoni wa penicillin anthu pafupifupi 50 miliyoni m'maiko 46, ndipo odwala anachepa ndi 95 peresenti. Ntchitoyo itazilala, matendawa anabwereranso.

Mu 2012, dokotala wa ku Spain, Oriol Mitjà, ndi anzake anasonyeza pachilumba cha Lihir ku Papua New Guinea kuti kumwa azithromycin kamodzi kokha kumachiza mofanana ndi jakisoni uja. Chaka chomwecho WHO inakonza zothetseratu yaws pofika 2020 pomwetsa mankhwalawa mudzi wonse, odwala ndi osadwala omwe.

Ku Lihir anthu anamwetsedwa mu 2013, ndipo amene anafikiridwa anali 84 peresenti. Odwala anatsika kuchoka pa 1.8 peresenti kufika pa 0.1 patatha miyezi 18, koma pofika mwezi wa 42 anali atakweranso kufika pa 0.4. Ambiri mwa iwo anali oti kunalibe pa tsiku lomwetsa, ndipo kachilombo kanali katabisala m'thupi mwawo popanda zizindikiro. Chodetsa nkhawa kwambiri chinali ana 5 a m'mudzi umodzi amene zilonda zawo sizinapole atamwa mankhwala.

Azithromycin amapha bakiteriya pomatirira pa raibosomu, mbali yopanga mapuloteni, n'kuyimitsa ntchito yake. Mwa ana amenewa, kachilombo kanali katasintha malo amodzi okha m'chibadwa chake, pa jini ya 23S rRNA. Kusinthaku kumatchedwa A2059G, ndipo kumalepheretsa mankhwala kugwira pamalopo. Akatswiri sanadabwe kwenikweni, popeza kachilombo ka chindoko kanali katachita kale zoterezi m'maiko ambiri. Anawo anachira ndi jakisoni wakale uja, pakuti penicillin akugwirabe ntchito.

Vuto n'lakuti diso silingasiyanitse chilonda chosamva mankhwala ndi chinzake. Bakiteriya wina, Haemophilus ducreyi, amayambitsanso zilonda zooneka chimodzimodzi, choncho pamafunika kuyeza ndi makina a PCR, amene zipatala za kumidzi zilibe. Kafukufuku wa ku Namatanai, ku Papua New Guinea komweko, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti kumwetsa katatu kumaposa kumwetsa kamodzi, ngakhale kumenekonso kunapezeka ana ochepa okhala ndi tizilombo tosamva. Dziko la India linalengezedwa mu 2016 kuti lathana ndi yaws. Kwa maiko otsala, WHO inasunthira malire ku 2030.