Mtengo wa mawu ku chigwa cha Shire

Mawaya oyamba onyamula uthenga anafika ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1890, pamene kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph Company, inkaimika mizati yolumikiza Blantyre ndi Tete mpaka ku Salisbury. Masiku amenewo chigwa chinali khomo la dziko. Sitima za pamadzi zinkakwera Shire kudzakocheza pa Chiromo, ndipo mu 1908 njanji inalumikiza Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi Blantyre. Koma mawayawo ankatumikira boma la atsamunda, amalonda ndi amishoni. Mmang'anja kapena Msena wolima thonje ankangowaona akudutsa pamwamba pa munda wake.

Munthu wamba ankadalira kalata. Amuna opita ku Wenela kapena kuminda ya fodya ku Southern Rhodesia ankalembera kwawo kudzera pa keyala ya sukulu kapena ya tchalitchi, ndipo mphunzitsi ndiye ankawerengera mayi wosadziwa kuwerenga. Chinsinsi cha banja chinkadziwika ndi anthu atatu. Kalata inkatha milungu panjira, ndipo amene wasiya kulemba ankangotchedwa mtchona. Telegalamu inalipo ku positi ofesi, koma poti ankalipiritsa liwu lililonse, anthu ankaisungira matenda aakulu ndi maliro. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itathamangitsira anthu ambirimbiri a ku Mozambique ku Nsanje, mabanja omwazikana ankapezana ndi timakalata ta Red Cross.

Lamya ya m'nyumba sinazike mizu kuchigwa. Inkapezeka kwa DC, kupolisi, kuchipatala, kufakitale ya shuga ku Nchalo, ndi m'nyumba zowerengeka za anthu a maudindo. Mu 2000, pamene bungwe la Malawi Posts and Telecommunications Corporation linagawidwa n'kubala MTL ndi Malawi Posts Corporation, dziko lonse la anthu oposa 10 miliyoni linali ndi malamya a waya osakwana 50,000, ambiri a iwo ali m'mizinda. Chomwe chinathandiza anthu ndi timaofesi toimbirako foni ta pamisika, tomwe ankati mabyuro. Mwini byuro ankayang'ana wotchi, woimba akulankhula mothamanga. Kuimbira ku Joni kunkadya ndalama za ganyu ya masiku angapo, choncho mabanja ankapangana tsiku ndi ola, mayi n'kupalasa njinga kukakhala pabenchi kudikira kuti mwana aimbe yekha.

Kenaka kunabwera mafoni a m'manja. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, n'kudzasanduka Zain kenaka Airtel mu 2010. Nsanja za netiweki zitafika ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, mabyuro anayamba kutsekedwa. Mayunitsi anali odula, ndipo anthu anapeza nzeru ya kuflasha: foni ilire kamodzi, wandalama ndiye aimbe.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 2015, WhatsApp itayamba kulola anthu kuimbirana. Foni yapaintaneti imaphwanya mawu kukhala data, n'kuwatumiza panjira yomweyo imene zithunzi ndi mauthenga zimadutsa. Woimba amalipira kuchuluka kwa data, osati kutalika kwa ulendo, ndiye kuimbira wa ku Tengani ndi kuimbira wa ku Cape Town mtengo wake ndi umodzi. Kabandulo ka WhatsApp ka mlungu kamapatsa banja nthawi yofunsana moni wonse, za mvula, za mbuzi, za ana kusukulu, zimene pa byuro ankazidumpha. Chamtengo wapatali koposa ndi uthenga wa mawu ojambula. Agogo amene sanapite kusukulu amalankhula okha m'Chisena, mdzukulu ku Johannesburg n'kumva liwu lawo lenileni, popanda mphunzitsi pakati. Ndalama nazo zimatsata njira yomweyo: wa ku Joni amatumiza pa Mukuru, n'kuimba kufunsa ngati zafika.

Komabe kunena kuti kuimba kwatsika mtengo kwa aliyense kungakhale kunama. Ndalama inangosamukira pena. Pamafunika foni yolowa paintaneti, ndipo nyumba zambiri za ku East Bank zikadali ndi kafoni ka mabatani. Pamafunikanso moto: kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno pafupifupi nyumba imodzi yokha pa khumi inali ndi magetsi a ESCOM, motero ambiri amatchajitsa pa sola ya mnzawo kapena pa babashopu, molipira. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a pafoni, ndipo mu 2020 achinyamata anachita kukuwa kuti mitengo ya data itsike makampani asanaitsitseko.

Madzi nawo ali ndi mawu pankhaniyi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ku Chikwawa komweko, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kuzima kwa magetsi kunakhala kwa maola ambiri, mafoni ankafa, netiweki inkadukaduka, pa nthawi yomwe abale a ku Joni ndi ku Lilongwe ankaimba usana ndi usiku kufunsa ngati a ku Makhanga ndi ku Bereu apulumuka. Makina a pa Kapichira anadzayambanso kugwira ntchito mu 2023.