Injini ya Jeti: Kuchokera m'Galaja Kubwerera m'Galaja

Munthu akaona ndege ikulemba mzere woyera mumlengalenga, amaganiza kuti injini yake idabadwira m'fakitale yaikulu ya boma lolemera. Koma mbiri ikusonyeza kuti injini ya jeti idayambira m'manja mwa anyamata awiri amene adalibe chuma chochitira ntchito yotereyi.

Woyamba adali Frank Whittle wa ku England, amene adabadwa m'chaka cha 1907. Ali msilikali wa nkhondo ya m'ndege, adaganiza za injini yokoka mpweya kutsogolo, kuufinya, kuusakaniza ndi mafuta, n'kuuyatsa. Mpweya wotenthawo potuluka kumbuyo mwamphamvu umakankha ndege, ndipo podutsa umazunguza gudumu lamapiko limene limayendetsa chofinyira mpweya chija. Akuluakulu a boma adakana maganizowa ponena kuti padalibe chitsulo chopirira moto wotero. Mu 1930 Whittle adalembetsa nzeru yakeyo kuti ikhale yakeyake, koma mu 1935 umwiniwo udatha mphamvu chifukwa adasowa mapaundi 5 oupititsira patsogolo.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mothandizidwa ndi anzake, Whittle adaliza injini yake yoyamba pa 12 April 1937 mumzinda wa Rugby. Tsikulo kudali zoopsa. Mafuta adali atadikha m'kati, kotero kuti ngakhale adatseka mpopi, injiniyo idapitiriza kuthamanga ndi kulira modetsa nkhawa mpaka anthu adabalalika.

Nthawi yomweyo, ku Germany kudali Hans von Ohain, wophunzira wa pa yunivesite ya Göttingen. Iye adali ndi masamu m'mutu koma adalibe luso losula zitsulo. Choncho adapempha Max Hahn, makaniko wa pagalaja pamene ankakonzetsa galimoto yake, kuti amupangire injiniyo. Injini ya m'galajayo idakanika kuyenda payokha, pakuti moto unkalilima kunja m'malo moyaka m'kati. Komabe mutu umodzi susenza denga: mu 1936 Ernst Heinkel, mwini fakitale ya ndege, adawalemba ntchito onse awiri. Pa 27 August 1939 ndege yotchedwa He 178 idauluka, ndipo idakhala yoyamba padziko lonse kuuluka ndi injini ya mtunduwu. Ya Whittle idatsatira pa 15 May 1941.

Kuyambira pamenepo jeti idasanduka chuma cha maboma ndi makampani akuluakulu. Mu May 1952 ndege yotchedwa Comet idayamba kunyamula anthu kuchokera ku London kupita ku Johannesburg, ndipo panjira inkatera ku Livingstone, m'dziko limene lero ndi Zambia. Kwa zaka zambiri anthu adakhulupirira kuti munthu wamba sangapange injini yotereyi pakhomo.

Amene adathetsa chikhulupiriro chimenechi ndi Kurt Schreckling wa ku Germany, amene ankakonda kupanga tindege toseweretsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adapanga kainjini ka jeti ndi zipangizo wamba. Gudumu lofinyira mpweya adalisema kuchokera ku matabwa opyapyala omatana, nalikulunga ndi ulusi wolimba wa kaboni kuti lisaphulike. Thupi la injiniyo lidali chitini cha gasi wophikira. Adalemba buku lofotokoza mapangidwe ake, ndipo anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana adatengera. Ena adatulukira njira yapafupi: amatenga turbocharger ya galimoto yakutha, imene ili kale ndi magudumu awiri ofunika aja, n'kuwotcherera chibekete choyatsiramo mafuta.

Masewerawa si a chibwana. Gudumu la injini zotere likhoza kuzungulira koposa ka 100,000 pamphindi imodzi, ndipo likasweka zidutswa zake zimalasa ngati zipolopolo. Phokoso lake limagonthetsa makutu. N'chifukwa chake odziwa bwino amayesera injini zawo pabwalo, ataima patali, chozimira moto chili pafupi.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti nzeru siyembekeza chuma. Von Ohain adafuna manja a Hahn, Whittle adafuna mapaundi 5, ndipo Schreckling adaona injini m'chitini chimene ena akadataya kudzala. Onsewa adayamba ndi chimene chidali pafupi, koma adaphunziranso masamu ndi sayansi, pakuti popanda zimenezi chitsulo ndi moto sizimvera munthu.